Maso Atatu Obedwa pa Maliro a Matthew

Chabala anaba tsiku loika maliro. Linali Lachinayi, mu Febuluwale 1998, dzuwa lili paliwombo. Malole awiri ndi basi yobwereka zinali zitanyamula anthu kupita kumanda. Panyumba ya malemu Matthew Kasuba, ku Woodlands, panatsala amayi ochepa ophika kuseri, ndi Chabala, amene anadzipereka yekha kuti alondera pakhomo. Anthu anamuyamikira. Anati uyu ndiye m'bale weniweni.

Mipando ya pabalaza inali itatulutsidwa, monga zimakhalira pamaliro. Katundu wa malemu anamuunjika m'chipinda chaching'ono cha pafupi ndi bafa. Chitseko chake chinalibe loko, ndipo sichinafunike loko. Katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka akuluakulu a banja atakhala pansi n'kumugawa. Aliyense panyumbapo ankadziwa zimenezo. Chabala ankadziwanso. N'chifukwa chake sanafulumire.

Pakona panali pulojekita, makina oonetsera vidiyo pakhoma, aakulu ngati thiranki, atafunditsidwa chitenje. Matthew anawagula pa okushoni pamene kampani ya boma imene ankagwirako ntchito inkagulitsidwa. Zaka zimenezo chilichonse chinali pamalonda, mafakitale, mabasi, mipando ya mabwana, ngakhale manyazi. Makinawo anali ndi maso atatu kutsogolo, diso lililonse lalikulu ngati chitini cha penti.

Chabala anali msuweni wa Matthew, mwana wa mlongo wa bambo ake. Moyo wake wonse anakumba m'maenje a ku Kopala, dera la migodi, kusaka emalodi, mwala wobiriwira umene amati ukapeza umodzi wabwino umphawi umakutsanzika. Iye sanaupeze. Anapeza chifuwa ndi zala zopindika. Koma pa Khirisimasi yapitayo, atabwera kudzacheza, anaona Matthew akuyatsa makinawo. Anthu onse anayang'ana kukhoma. Chabala yekha anayang'ana kumakina. Diso lapakati linkayaka mobiriwira, kubiriwira kozama kumene anali asanakuonepo m'dzenje lililonse. Lina linali la buluu ngati thambo la m'mawa nthawi yozizira. Lina lofiira ngati khala la moto. Anakhala pansi kukamwa kuli yasa, filimu yonse osaiona. Anadziuza kuti mtundu wotere sungakhale m'galasi wamba. Imeneyo ndi miyala, yosemedwa ndi kupukutidwa kwa azungu, ndipo msuweni wakeyo sakudziwa chimene wasunga m'nyumba.

Tsopano anavundukula chitenje. Diso lililonse linali ndi chivundikiro cha pulasitiki, ndipo sanazichotse. Anamasula timabawuti ndi nsonga ya mpeni. Maso analemera m'manja, ndipo kulemerako kunamukondweretsa. Anawaika m'thumba la ufa, anabwezera chitenje pamalo pake, anatulukira pageti ya kumbuyo. Anakwera minibasi mpaka ku Kabwata, kwa mnzake amene anali ndi kachipinda kuseri kwa bala. Kumeneko anatseka chitseko, anachotsa zivundikiro, ananyamulira diso limodzi kuwindo.

Linali loyera ngati madzi a pampopi. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi.

Anazunguliza, anapumirapo mpweya, anapukuta ndi malaya. Mtundu unali utachoka. Anakumbukira kuti nthawi yomweyo bokosi la Matthew linali kutsikira m'dzenje. Palibe anamuona akuba, koma mwini wake anamuona, ndipo wapita ndi mitundu yake kumanda.

Anabisa thumbalo pansi pa bedi. Anabwerera ku Woodlands anthu asanafike, ndipo ndi iye amene anawathira madzi osamba m'manja pageti.

Bambo a malemu, ba Kasuba, sanaike nawo maliro. Ankakhala kumudzi ku Luapula, kumene anabwerera atapuma ntchito ya mumgodi. Uthenga unawapeza mochedwa, ndipo mvula inali itadula msewu. Anafika mu Lusaka manda atamera kale udzu. Anali munthu wamtali, wowonda, wosakhulupirira aliyense. M'maso mwawo munali ng'ala. Diso lamanzere linali litatseka kale. Lamanja linkaona ngati la munthu wosuzumira mu utsi, ndipo mwezi ndi mwezi utsiwo unkakula.

Mkazi wa malemu, Christine, anawagwadira pakhomo. Anawafotokozera za matenda, za chipatala, za m'busa amene analalikira. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati mawu amenewo ndi abwino, koma mawu si nkhope. Anthu a mu Lusaka, ngakhale ongodzera chakudya, anaona nkhope ya mwana wawo m'bokosi. Iwo, bambo wake womubereka, sanaione. Ndipo panali patapita zaka zambiri chionanirane.

"Nifuna kuona nkhope ya mwana wanga, mayo," anatero. "Nikaiona, mugawe vonse, ine nibwelele kwanga."

Christine anabweretsa zithunzi. Mkuluyo anaziyandikitsa mpaka pamphuno, anati akuona madontho. Christine anaika kaseti ya phwando la ubatizo wa mwana wawo womaliza. Ba Kasuba anagwada patsogolo pa tivi. Atayandikira anaona timadontho tophethira. Atabwerera m'mbuyo anaona mithunzi yoyenda. Mawu okha a mwana wawo ndiwo anamveka, akuseka, ndipo zimenezo zinawapweteka koposa.

Apo Christine anakumbukira makina aja. Anati pakhoma nkhope imakula ngati chitseko, ndipo imawala. Anapempha chilolezo chokhudza katundu wa malemu. Ba Kasuba analola. Analowa onse m'kachipinda. Christine anavundukula chitenje, ndipo makina anawayang'ana ndi mabowo atatu.

Chabala anali akadali panyumbapo, m'kanyumba ka wantchito, akudya katatu patsiku monga amachitira abale otsalira pamaliro. Ndi iye anayamba kulankhula. Anaima pakhomo, osalowa, nati akazi a m'tauni amagulitsa katundu mwamuna asanazizire. Kwa amalume akewo, amene ankawatchula kuti ba yama monga amanenera kwawo, anatsitsa mawu.

"Ba yama, ine sininakambe kanthu. Koma onani mweka."

Ba Kasuba anayankha kuti iwo saona, n'chifukwa chake aliyense m'nyumbamo akhoza kukhala wakuba. Christine sanalire. Anamanga chitenje chake chakuda, anapita kupolisi.

Mlandu unagwera Sajeni Lukonde, bambo wojintcha, woyenda pang'onopang'ono. Galimoto ya polisi inalibe mafuta, choncho anabwera pa minibasi. Anayang'ana mawindo, anayang'ana chitseko. Palibe chinathyoledwa. Anaona deki ya vidiyo ili pomwepo, wailesi ili pomwepo, masuti a malemu ali lende pa msomali. Anakanda mutu. Anati wakuba wa mu Lusaka amanyamula deki, chifukwa imagulika munthu asanafike pa siteshoni ya basi. Uyu wasiya deki n'kutenga zinthu zimene palibe amazifunsa. Anafunsa aliyense kumene anali tsiku la maliro. Chabala anati anali pageti tsiku lonse, ndipo amayi ophika aja anavomereza kuti anamuona, m'mawa ndi madzulo.

Potuluka, Sajeni anauza Christine kuti sangalonjeze kanthu. Koma anamulangiza kuti asake maso ena ogula. Ogulitsa zinthu zotere mu Lusaka si ambiri, anatero, ndipo wosaka ndi ndalama m'manja amauzidwa zambiri kuposa wosaka atavala yunifomu.

Christine anapita kwa Seif, amene ankakonza ma tivi ndi madeki m'kashopu kuseri kwa msewu wa Chachacha. Makolo ake anachokera ku Malawi kalekale, ndipo Chinyanja chake chinali chidakali cha kwawoko. Seif anabwera ku Woodlands ndi chikwama chake, anatsegula makina, anayang'ana m'kati. Chabala atamva kuti makina akutsegulidwa, anati mutu ukumupweteka, anakadzitsekera kwake.

Seif anamuonetsa Christine machubu atatu amene anali kuseri kwa mabowo, ngati timativi ting'onoting'ono. Anati mitundu imakhala mmenemo. Chubu china chimajambula chithunzi mofiira, china mobiriwira, china mwa buluu. Maso aja ndi galasi loyera, ntchito yake ndi kuponya zithunzi zitatuzo pakhoma kuti zigwe pamalo amodzi n'kukhala munthu mmodzi. Anati makina ndi amoyo. Koma opanga ake anasiya kuwapanga, ndipo maso ake sagulidwa m'sitolo.

Anayamba kusaka. Christine ankalipira minibasi, Seif ankanyamula chikwama. Ku Chelstone, pa tchalitchi china chimene makina ake anapsa ndi mphezi, anapezako diso limodzi. Linali lopepuka, la pulasitiki, litachita chikasu ngati dzino la wosuta fodya. Seif analiyang'ana padzuwa nati pakati likuona, m'mbali likulota. Ku Kabulonga, mlonda wa nyumba ya mzungu amene anali kubwerera kwawo anawalowetsa m'galaja. Mmenemo anapezamo diso la galasi lenileni, lolemera, loyera bwino. Christine anayamba kumwetulira. Koma Seif anati limeneli ndi loponya kutali, la m'holo yaikulu. Pabalaza la ku Woodlands chithunzi chake chidzakhala chaching'ono ngati kansalu kopukutira thukuta, pokhapokha makina akaikidwe panja pamsewu. Diso lachitatu analipeza mu shopu ya Seif yomwe, pansi pa mawaya. Kukula kwake kunali koyenera, koma m'kati mwake munamera nkhungu, timizu toyera tofalikira pagalasi ngati mizu ya udzu.

Christine anafunsa kuti pa atatuwo labwino ndi liti. Seif anati lililonse ndi labwino palokha, vuto ndi kuwakhazika pamodzi. Komabe anavomera kuyesa, chifukwa mkulu uja ankafunsa m'mawa uliwonse.

Anayesa Lachitatu masana. Anapachika mabulangeti m'mawindo, anachotsa kalendala pakhoma. Seif anamangirira maso atatuwo ndi makatoni ndi tepi, poti mabowo a timabawuti sanagwirizane. Anakhazika ba Kasuba pampando, anayatsa.

Khoma linawala. Panabwera mtengo wa mapeyala, matebulo, anthu oyenda. Kenaka Matthew anatulukira, ndipo sanali mmodzi. Panali Matthew wofiira, wamkulu, mutu wake ukukhudza denga. M'chifuwa mwake munali Matthew wobiriwira, wamng'ono ngati mwana. Pambali panayandama Matthew wa buluu, wopanda maso, wokutidwa ndi mizu. Onse atatu anatsegula pakamwa nthawi imodzi, naseka ndi mawu amodzi.

Christine anagwira pakamwa. Ba Kasuba anaimirira.

"Zimitsani," anatero. "Mwana wanga anali na mutu umodzi."

Seif anazimitsa. Anapepesa. Anati maso ayenera kukhala atatu a mimba imodzi, ofanana kukula ndi kaponyedwe, apo ayi munthu sagwirizana. Kuitanitsa ku Joni kukhoza kutenga miyezi, ngati alipo n'komwe. Onse ankadziwa kuti diso la mkuluyo silingadikire miyezi. Tsiku lomwelo anali atasemphana ndi kapu ya tiyi imene anaikiridwa patsogolo, n'kuigwetsa.

Nkhani inatulukira ku mzikiti. Lachisanu atatha mapemphero, Seif anadandaulira anzake za maso atatu aja. Hamad, amene anali ndi benchi ya zitsulo zakale zamagetsi mu City Market, anamukokera pambali. Anati bwera uone zimene wina anandisiyira.

Loweruka m'mawa Seif anafika pamsikapo ndi Christine ndi Sajeni Lukonde, amene anavala malaya wamba. Anadutsa m'timipata ta ogulitsa kapenta ndi salaula, zovala za kaunjika, mpaka kumapeto, kumene mawaya ndi mafani akufa anali lende. Hamad anatulutsa thumba la ufa pansi pa benchi. Maso atatu anali mmenemo, ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ankanunkha utsi wa zitsamba.

Hamad anafotokoza. Munthuyo anabwera koyamba akutchula mtengo wogulira nyumba. Hamad anamuseka. Anabweranso, ataonda, mtengo utatsika. Ulendo wachitatu sananene za mtengo. Anafunsa ngati pali njira yobwezera mtundu m'galasi limene mtundu wake wathawa. Anati anapita nawo kwa sing'anga, anawafukiza, koma sizinathandize. Anati mnzake amene ankawasunga wamuthamangitsa chifukwa iye ankadzawalankhula ngati anthu. Anapempha kuti akhale pabenchipo mpaka Lolemba, Hamad afunse kwa odziwa.

Seif anatembenuza diso limodzi. M'mbali mwa galasi munali mikwingwirima yozama ndi kachibenthu. Anadandaula ngati wapondedwa chala. Hamad anati munthuyo anachita zimenezo pamaso pake, ndi tupa yaing'ono imene anaitulutsa m'thumba, kenaka ananyowetsa galasi ndi malovu n'kuliyang'ana padzuwa, diso limodzi atatsinzina.

Sajeni Lukonde anali atagwirapo ntchito ku Kopala. Anati amene amayesa chinthu motero ndi okumba miyala. Anatembenukira kwa Christine.

"Ba mayo, pa banja panu pali wokumba myala?"

Christine anayang'ana thumba la ufa lija. Linali la mtundu womwe anagula wa pamaliro.

"Alipo," anatero. "Namupikila tiyi lelo m'mawa."

Lolemba Sajeni anakhala pa kreti kuseri kwa benchi, nyuzipepala ili kumaso. Chabala anafika chakumasana, akuyang'ana uku ndi uku. Anapereka moni, anafunsa ngati odziwa aja anena kanthu. Hamad anaika thumba pabenchi. Chabala atangoligwira, dzanja lolemera linatera paphewa pake.

Sanathawe. Anati thumbalo ndi lake, analitola ku Kopala. Sajeni anamufunsa ngati si maso a makina a Matthew. Apo Chabala anawongoka, ngati munthu amene wapeza pogwira.

"Ba bwana, ya Matthew nayaona na maso yanga. Imodzi yofiila, imodzi ya gilini, imodzi ya buluu. Aya onani, ni oyela. Si yamene aya."

Ananena molimba, ndipo mwina theka la mtima wake linkafuna kuti zikhale zoona. Sajeni anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana Seif. Seif anafuna kutsegula pakamwa. Sajeni anamuletsa ndi chala.

Panja pa msika Christine anafunsa kuti maso awatenga liti. Sajeni anati amenewo tsopano ndi umboni. Apita kupolisi, akakhala m'chipinda cha umboni mpaka mlandu utatha kukhoti. Christine ankadziwa chimene chimachitikira katundu wolowa m'zipinda zotere. Amatuluka atakalamba, ngati watuluka. Anati apongozi ake sakhala akuona nthawi imeneyo. Anagwada pafumbi, pakati pa mawilibala, anthu akumulambalala.

Sajeni anamuuza kuti aimirire, asamuchititse manyazi. Anakanda chibwano. Anati woganiziridwayu akukana kuti maso ndi a makinawo, ndipo lamulo limafuna umboni woti akukwana. Ndiye ayenera kuyesedwa, pamaso pa wapolisi ndi pamaso pa woganiziridwa.

"Kamodzi chabe," anatero. "Tikasiliza, niyatenga."

Anafika ku Woodlands dzuwa litapendeka. Mabulangeti anabwerera m'mawindo. Chabala anakhazikidwa pansi, pafupi ndi makina, Sajeni ataima pakhomo. Ba Kasuba anauzidwa zonse ndipo sanatembenukire n'komwe kumene mwana wa mlongo wawoyo anakhala.

Seif anayala maso atatu pa thaulo. Anawapukuta ndi kansalu kofewa, anawasuzumira limodzi limodzi pa tochi. Awiri anali bwino, koma limodzi mwa awiriwo linali ndi mwaye wa sing'anga m'mphepete umene sunachoke. Lachitatu linali lokandidwa lija. Christine anafunsa ngati mikwingwirimayo idzaoneka pankhope. Seif anati zitengera kumene aliika. Chubu chobiriwira ndicho chimanyamula nkhope, makwinya ndi tsitsi, choncho diso loyera koposa lipita pakati. La mwaye lipita ku chofiira. Lokandidwalo lipita ku buluu, chifukwa buluu amanyamula zochepa, thambo ndi mithunzi, ndipo bala lake libisala mmenemo.

Timabawuti tinalowa m'mabowo ake popanda kukakamiza. Sajeni anaona zimenezo, anagwedeza mutu.

Seif anayatsa. Makina analira pansipansi. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka, mumdima wa pabalazapo, diso lapakati linayamba kufunda. Kubiriwira kunabwera kuchokera m'kati, pang'onopang'ono, ngati madzi akudzaza chitsime, mpaka galasi lonse linayaka. Lofiira linatsatira. La buluu linatsiriza, ndipo ngakhale mikwingwirima ya tupa inawala.

Chabala sanayang'ane kukhoma. Anayang'ana maso aja, kukamwa kuli yasa monga pa Khirisimasi. Anali atawafukiza, atawaviika m'madzi a mchere, atawachonderera. Tsopano abwerera kwa mwini wake ndipo mitundu yabwerera. Anagwada, chipumi chinafika pansi.

"Wabwela," ananong'ona. "Matthew, ni ine ninatenga. Ni ine neka. Ba mulamu balibe mulandu."

Seif anali kalikiliki. Pakhoma panali mizere yopingasa, yofiira payokha, yobiriwira payokha, ya buluu payokha. Anazunguliza mphete za maso, anasintha timabatani, akupuma pang'onopang'ono. Mizere inayandikana, inakhudzana, inalowana, ndipo inasanduka yoyera. Anauza Christine kuti aike kaseti.

Mtengo wa mapeyala unabwera, umodzi. Matebulo, mabotolo, ana othamanga. Wojambula anayenda pakati pa anthu, chithunzi chikugwedezeka. Kenaka anaima patsogolo pa mwamuna wa malaya oyera amene anali kudya chimanga chootcha, ndipo anamuyandikira, anamuyandikirabe.

Nkhope inadzaza khoma, kuyambira pansi mpaka kudenga. Thukuta linkanyezimira pachipumi. Diso lililonse linali lalikulu ngati mbale. Matthew anatafuna, anaona kamera, anafuna kubisa chimanga kumbuyo, nalephera, naseka. Kuwala kwa nkhope yake kunagwera pa onse amene anali m'chipindamo. Sajeni Lukonde anavula chipewa osadziwa kuti wavula.

Ba Kasuba anasiya ndodo pampando. Anayenda kupita kukhoma, manja ali patsogolo. Atafika pakati, mthunzi wawo unagwa pakamwa pa mwana wawo n'kupaphimba. Anaima, atasokonezeka.

"Bambo, imani cha kumbali," anatero Seif motsitsa. "Mukaima pakati mumubisa."

Mkuluyo anasunthira kumbali. Anatembenuza mutu kuti diso lamanja likhale kutsogolo. Anayenda nalo pankhopepo ngati munthu woyendera munda, kuchokera pachibwano, kudutsa patsaya, mpaka pamwamba pa khutu. Pamenepo anaima nthawi yaitali. Anatambasula dzanja, anaika chikhato pakhoma, ndipo tsitsi la mwana wawo linagwa pamwamba pa zala zawo.

"Anachita imvi," anatero. "Sananiuze."

Wojambula anatembenukira kwa amayi ovina. Nkhope inachoka. Ba Kasuba anatsala atagwira khoma, zitenje za anthu osawadziwa zikudutsa pa dzanja lawo. Christine anayang'ana Sajeni. Seif anayang'ana pansi.

Sajeni anatsokomola. Anati iye sanaone bwino ngati diso la buluu lija likukwana. Bwezani pamene paja.

Anabweza. Matthew anatafunanso, anabisanso chimanga, anasekanso. Ulendo uno ba Kasuba sanagwire khoma. Anangoima cha kumbali, manja ali m'mbuyo, akuyang'ana. Nkhope itatsala pang'ono kuchoka, anatsinzina.

Seif anazimitsa. Mitundu inazilala m'maso a makina, ndipo galasi linayeranso ngati madzi. Chabala analira mokweza. Seif anamasula timabawuti, anakulunga maso m'thaulo adakali ofunda, anawapereka kwa Sajeni. Christine anagwira apongozi ake pamkono, anawabwezera pampando. Iwo anali chitsinzinire. Atamva bulangeti likuchotsedwa pawindo, anati lisiyeni kaye.

Sajeni Lukonde anauza Chabala kuti wamangidwa pa mlandu wakuba katundu wa malemu Matthew Kasuba. Unyolo unalira m'manja. Anamuimiritsa, thumba la umboni lili kukhwapa. Pakhomo Chabala anakakamira chitseko ndi phewa, anatembenuka.

"Ba yama," anatero. "Ba yama, niyang'aneniko chabe."

Mkuluyo sanasunthe. Zikope zawo zinali zotseka zolimba, ngati za munthu amene wanyamula madzi odzaza m'manja.

"Yenda," anatero. "Usanitsegulitse maso."